Chingwe chosowa m'shopu chili m'kompyuta yakufa

Pa Goliati anthu amadziwa kuwerengera tomato. Mayi aliyense wa pamsika angathe kunena asanamasule dengu kuti milu ituluka ingati, wophwanyika akhala wochuluka bwanji komanso kuti phindu litsala zingati akachotsa ya thiransipoti ndi chiphaso chamsika. Koma pa malonda a makompyuta a kaunjika, omwe tsopano akufika ngakhale m'misika ing'onoing'ono ya m'boma la Thyolo, masamu otere sadakhazikikebe. Wogula amafunsa mtengo wa bokosi, liwiro la purosesa ndi kukula kwa RAM. Za zingwe safunsa, pomwe ndalama zambiri zikuthera pazingwe pomwepo.

Nkhani yake imayenda motere. Mnyamata wa pa Goliati akufuna kutsegula kamalo kotayipirapo makalata, kusindikiza ma CV ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemori khadi. Ndalama zogulira kompyuta yathunthu nthawi imodzi alibe, choncho waganiza zolumikiza yekha kunyumba, chidutswa ndi chidutswa. Mwezi uno wagula monita kwa mnzake, mwezi wamawa kiyibodi ndi mausi, kenako akagulitsa kabichi wa kudimba, wakwera minibasi ya ku Limbe kukasaka bokosi lenilenilo. Kumeneko wapeza Dell OptiPlex 7020, mtundu womwe udadzaza m'maofesi kuyambira cha mu 2014, pamtengo wotsika ndithu poyerekeza ndi mabokosi ena a pashelefu yomweyo. Chifukwa chake wogulitsa sakubisa: mulibe hard disk. Mabanki ndi mabungwe akamagulitsa makompyuta awo akale amayamba achotsa hard disk kuti zinsinsi za ofesi zisatuluke nawo. Mnyamatayo akuona kuti palibe vuto, agula SSD yatsopano pashopu yoyandikana nayo, yomwenso imathamanga kuposa hard disk yakale. Wabwerera kumudzi bokosi lili pamiyendo, mtima uli m'malo.

Vuto laonekera usiku, atatsegula chivindikiro. SSD imafuna zingwe ziwiri. China ndi chodutsitsa mafayilo, chopyapyala, cha timano 7, ndipo ichi chimapezeka paliponse. Chinacho ndi cha magetsi, mutu wake wotambalala wa timano 15. M'kompyuta wamba chingwe cha magetsichi chimachokera ku power supply, kabokosi kachitsulo kokhala ndi fani komwe kamalandira magetsi a pakhoma. Koma m'bokosi la Dell ili sizili choncho. Power supply yake ili ndi zingwe ziwiri zokha, china cha mano 8 china cha mano 4, ndipo zonse zimathera pa motherboard. Disiki imalandira magetsi kuchokera pa motherboard pomwepo, kudzera pa kachingwe kapadera, kosakwana mkono kutalika, kokhala ndi kamutu kakang'ono komwe sikalowa pena paliponse. Amene adachotsa hard disk ku ofesi kuja adazula ndi kachingweko. Wogulitsa wa ku Limbe mwina sadadziwe n'komwe kuti kakusowa.

Ulendo woyamba wobwerera ku Limbe, mnyamatayo wapita chimanjamanja, kumangofotokoza pakamwa kuti akufuna chingwe cha magetsi cha SSD. Amupatsa chija chokhala ndi mutu woyera wa mano 4 akuluakulu, wotchedwa Molex, mbali ina. Kufika kunyumba wapeza kuti m'bokosi mwake mulibe polumikiza Molex. Ulendo wachiwiri wina wamulangiza kuti asavutike, angogula power supply wamba yomwe ili kale ndi zingwe zonse za disiki. Wagula, wanyamula, ndipo kunyumba wapeza kuti chingwe chachikulu cha power supply yatsopanoyo chili ndi mano 24, pomwe khomo la pa motherboard yake ndi la mano 8. Apa ndalama zotayika zaposa kale kusiyana kwa mtengo kuja komwe kudamukopa.

Wamalonda aliyense awerengere yekha. Ulendo umodzi kuchokera pa Goliati ndi kabaza wa njinga yamoto kapena galimoto ya matola, minibasi, chakudya cha masana, kubwereranso chimodzimodzi, ndi tsiku lathunthu osagwira ntchito ina. Kuchulukitsa katatu. Pamwamba pake pali masiku omwe kompyuta yangokhala pampando itafunditsidwa chitenje. Kungoyerekeza chabe, ngati kamalo kotayipirako kakadalowetsa K8,000 patsiku, masabata atatu a masiku 6 ogwira ntchito ndi K144,000 yomwe sidalowe m'thumba. Renti ya chipinda pamsika siyembekeza kuti chingwe chipezeke kaye.

Chisokonezo chimenechi chili ndi gwero lake. Mu 1995 kampani ya Intel idatulutsa muyezo wotchedwa ATX kuti zida za makompyuta zopangidwa ndi makampani osiyanasiyana zizilumikizana. Chingwe chachikulu cha magetsi chidayamba ndi mano 20, pambuyo pake chidafika pa 24, ndipo mpaka lero munthu wogula motherboard ndi power supply zatsopano m'shopu amapeza kuti zikugwirizana. Koma makampani akuluakulu opangira maofesi makompyuta adatsata njira zawozawo. Dell idagwiritsa ntchito mano 8 pa OptiPlex 3020, 7020 ndi 9020, kenako mano 6 pamitundu yotsatira. HP ili ndi ya mano 6 yakeyake. Lenovo idagwiritsa ntchito mano 14, kenako 10. Kwa banki ya ku London kapena ofesi ya ku Johannesburg izi sizivuta, chifukwa chikawonongeka amaimbira kampaniyo n'kubweretsa china. Opangawo sadaganizire mwini wachitatu kapena wachinayi wa bokosilo, yemwe ali pa Goliati ndi sikuludiraiva imodzi.

Tsoka lake, makompyuta omwe Amalawi ambiri angakwanitse kugula ndi a m'maofesi omwewo. Makanema a pa YouTube ophunzitsa kulumikiza kompyuta kunyumba amaonetsa zida zatsopano za ATX, zonse zotuluka m'makatoni, zingwe zake zili momwemo. Mnyamata woonera makanemawo amapita ku Limbe ali ndi chithunzi cholakwika m'mutu.

Ndipo mabokosi otere achulukirachulukira. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft idasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse pa Windows 10, pomwe Windows 11 savomereza mwalamulo mapurosesa a Intel akale kuposa a m'badwo wa 8, kupatula ochepa chabe. OptiPlex 7020 ili ndi purosesa ya m'badwo wa 4. Maofesi a m'maiko olemera akuchotsa makompyuta a msinkhu umenewu, ambiri mwa iwo ali bwinobwino, ndipo njira ya katundu wotere imadziwika: amatsata ya zovala ndi nsapato za kaunjika. Pa ntchito yotayipa, kusindikiza ndi kuika nyimbo, makinawa ndi okwanira. Kungoti adzafika opanda madisiki, ndipo ambiri opanda tizingwe tawo.

Eni mashopu a ku Limbe ndi ku Blantyre sangadzudzulidwe kwambiri posasunga tizingwe totere. Ndalama zakunja zikusowa. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe dola idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Wamalonda akapeza madola ochepa okaoda katundu ku Dar es Salaam, Dubai kapena China, amasankha zothamanga: matchaja a foni, mahedifoni, mabatire, magalasi a sikirini. Kachingwe ka mtundu umodzi wa Dell, komwe kangafunidwe kawiri pamwezi, sikangalowe pamndandanda. Kuitanitsa pa intaneti n'kotheka, koma kumafuna khadi la kubanki lololedwa kulipira madola, ndiponso kudikira masabata angapo. Ndalama yotumizira imatha kuposa mtengo wa kachingweko.

Komatu tizingweti m'dziko muno tilimo, ndipo tilimo tambiri. Tili m'makompyuta akufa. Kompyuta ikafa, nthawi zambiri chifukwa cha mphezi kapena magetsi obwera mwamphamvu akakhala adazima, chomwe chimapsa ndi power supply kapena motherboard. Zingwe zamkati zimatsala zamoyo. Bokosi lakufalo limaunjikidwa kuseri kwa shopu ya wokonza, kapena m'stolo ya ofesi ya sukulu, ya tchalitchi, ya esiteti ya tiyi, mpaka tsiku lomwe ogula zitsulo zakutha adutsa ndi sikelo yawo. Amaligula pa kilogalamu. Zingwe amazizula, kuziunjika ndi kuziyatsa moto kuti pulasitiki ipse, mkuwa utsale. Utsi wakuda wonunkha uja ndi woipa m'chifuwa, koma ngakhale ataiwala za thanzi, masamu ake ndi omvetsa chisoni. Mkuwa wa m'kachingwe ka disiki ndi magalamu ochepa, sungagule ngakhale mulu wa tomato. Kachingwe komweko kakadakhala kathunthu, pali munthu amene wataya kale ndalama za maulendo atatu pokasaka.

Apa ndi pomwe pali geni yomwe sidagwiridwe. Wokonza mafoni, wogulitsa matchaja kapena mwini malo oikira nyimbo pa Goliati, pa Bvumbwe kapena pa Thyolo boma atha kukambirana ndi ogula zitsulo kuti bokosi lililonse la kompyuta lidutse kaye pabenchi pake lisanakwere sikelo. Ogula zitsulowo sataya kanthu kenikeni, kulemera kwa bokosi kuli m'chitsulo, ndipo akapatsidwa kangachepe pamwamba savuta. Zofunika kuchotsa ndi tizingwe ta magetsi a disiki, zingwe za SATA, kachingwe ka batani loyatsira, zingwe za ma USB a kutsogolo, mafani ndi zingwe zawo, tizitsulo kapena timapulasitiki togwirizira hard disk, ngakhale timisomali. Ntchito yake sikwana theka la ola. Chinthu chimodzi chokha asachichite: asatsegule kabokosi ka power supply. Mkati mwake muli zida zosunga magetsi zomwe zimatha kumenya munthu ngakhale chingwe chitazulidwa pakhoma.

Kuchotsa kokha sikukwanira, ndipo apa ndi pomwe okonza ambiri amalephera. Pafupifupi aliyense wa iwo ali ndi katoni ya zingwe zopiringizana ngati mphutsi, yomwe ngakhale mwini wake sadziwa zili m'menemo. Chingwe chopanda dzina ndi zinyalala. Chilichonse chikangochotsedwa chimatidwe kapepala kolembapo dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wa kompyuta yomwe chachokera, monga zalembedwera kutsogolo kwa bokosi. Kenako chilowe m'kajumbo kakekake. Chinyontho cha ku Thyolo, makamaka nyengo ya chiperoni mu June ndi July, chimachititsa dzimbiri timano ta zingwe, ndipo makoswe amakonda kutafuna pulasitiki. Chigubu kapena ndowa yokhala ndi chivindikiro chothina imathetsa mavuto onse awiri. Chida chokhacho chofunika kugula ndi multimeter, yoyezera ngati waya uliwonse ukudutsitsa magetsi kuchokera mutu wina kufika mutu wina.

Wina atha kutsutsa kuti katundu wotere ndi wogona, ndipo sakunama. Wa tomato amatembenuza mpamba wake tsiku ndi tsiku, pomwe kachingwe ka HP kangakhale m'ndowa miyezi isanu. Ndi chifukwa chake geniyi siyoyenera kuitengera ngongole ku banki m'khonde kapena kuitanitsira katundu kunja. Mphamvu yake ili poti mpamba wake ndi wochepetsetsa, katunduyo saola, sadya malo, ndipo kufunika kwake kukukula pomwe mabokosi a m'maofesi akuchuluka. Ndi geni yapambali, yoyenda limodzi ndi zingwe zothamanga.

Zothamangazo pa Goliati zili ndi msika wake. Sukulu yaukachenjede ya Malawi University of Science and Technology, yomwe idatsegulidwa ku Ndata mu 2014, idabweretsa m'derali ophunzira ndi aphunzitsi omwe moyo wawo uli pa laputopu. Palinso masukulu a sekondale, zipatala, matchalitchi okhala ndi mapurojekita ndi nyumba zoonetsera mpira ndi makanema. Anthu amenewa amafuna chingwe cha magetsi cha mabowo atatu chofanana ndi cha ketulo, chomwe chimalowa pa bokosi la kompyuta ndi pa monita. Chija cha mabowo atatu ozungulira cha tchaja cha laputopu. Cha pirinta chokhala ndi mutu wa makona anayi. Cha VGA cha mutu wabuluu wa mano 15. Ndi cha HDMI. Zimenezi zimapezeka ku Limbe mosavuta ndipo zimatuluka sabata iliyonse. Ndi zomwe zimalipira renti pomwe tizingwe tosowa tija tikudikira mwini wake.

Pali chingwe chimodzi chomwe amalonda ambiri sachidziwa koma chili pakati pa zothamanga ndi zosowa. Makompyuta ambiri a m'maofesi alibe khomo la HDMI. Ali ndi VGA ndi lina lotchedwa DisplayPort, lomwe limafanana ndi HDMI poyang'ana patali koma lili ndi ngodya imodzi yokha yodulidwa. Munthu amene akufuna kulumikiza bokosi lotere ku TV amafunika chingwe chochokera ku DisplayPort kupita ku HDMI. Chimagwira ntchito mbali imodzi yokha. Kuchitembenuza, kuti chichokere pa laputopu ya HDMI kupita pa monita ya DisplayPort, sikirini imangokhala yakuda, ndipo kasitomala amabwerera akukalipa kuti wagulitsidwa chakufa. Chimodzimodzi kuchokera ku HDMI kupita ku VGA: pamafunika kachida kosinthira pakati, chingwe chongokhala ndi mitu iwiriyo popanda kachidako sichionetsa kanthu. Wogulitsa amene amafunsa kaye kuti chithunzi chikuchokera pa chiyani ndipo chikupita pa chiyani amapewa mikangano yambiri.

Palinso nkhani ya mapulagi. Masoketi a ku Malawi ndi a mano atatu a makona, monga a ku Britain, pa magetsi a mavoti 230. Katundu wochokera ku South Africa amabwera ndi mapulagi a mano ozungulira, wa ku Europe ndi mano awiri. Chizolowezi chotokosa soketi ndi kamtengo ka machesi kapena chivindikiro cha cholembera kuti pulagi yachilendo ilowe chawononga zida zambiri, chifukwa pulagiyo imagwedera, imathetheka ndipo ilibe fyuzi. Kudula mutuwo n'kuikapo pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ndi ntchito ya mphindi zochepa yomwe wamalonda angathe kulipiritsa.

Koma geni ya zingwe ili ndi ngozi yomwe ya tomato ilibe. Tomato woola amaoneka. Chingwe cholakwika chimatha kuoneka cholondola, n'kulowa ndithu pakhomo, kenako n'kuotcha katundu wa mwini. M'kompyuta muli mitu itatu yosiyana ya mano 8: wa purosesa, wa khadi la zithunzi, ndi uja wa Dell. Mawaya ake adayalidwa mosiyana. Kukakamiza wina pamalo a unzake ndi kupha motherboard. Ma power supply okwera mtengo omwe zingwe zawo zimazulika mbali zonse ziwiri ndi oopsa kwambiri pankhaniyi, chifukwa mbali yolowa m'kabokosi ilibe muyezo umodzi. Chingwe cha kampani ina chimatha kulowa bwinobwino m'kabokosi ka kampani ina n'kutumiza mavoti 12 pomwe pamayenera kupita 5. Disiki imafa nthawi yomweyo, ndi mafayilo onse a makasitomala. Pa zingwe wamba mitundu ya mawaya imathandiza: wachikasu ndi mavoti 12, wofiira 5, walalanje 3.3, wakuda ndi wobwezera. Koma makampani ena amapaka mawaya onse utoto wakuda, choncho chodalirika ndi dzina la pakapepala ndi multimeter.

Zingwe zotchipa za Molex kupita ku SATA, monga chomwe mnyamata uja adapatsidwa ulendo woyamba, zili ndi mbiri yoipa pakati pa okonza makompyuta padziko lonse. Zija zomwe mutu wake udaumbidwa ndi pulasitiki yosungunula, mawaya n'kukwiririka mkati, zimatha kugundanitsa mawaya n'kuyaka. M'chipinda cha renti chokhala ndi mapepala ndi pirinta, ameneyo ndi moto weniweni. Nazonso zingwe za pakhoma zotchipa kwambiri zambiri si za mkuwa weniweni. Zina ndi aluminiyamu kapena chitsulo chopakidwa mkuwa pamwamba. Zimatentha zikalemedwa ndipo zimathyoka mkati. Kupala waya ndi mpeni kumaonetsa ngati mkati mwake ndi moyera, ndipo maginito a sipika yakale akakoka wayawo ndiye kuti ndi chitsulo, chifukwa mkuwa sukokedwa ndi maginito. Apa ndi pomwe chingwe chochotsedwa m'kompyuta yakale ya ofesi chimaposa chatsopano cha m'paketi yowala: chidapangidwa ndi kampani yomwe inkaopa kubwezeredwa katundu.

Ogulitsa makompyuta a kaunjika nawo ali ndi mbali yawo. Kunena kuti bokosi lilibe hard disk ndi chilungamo chatheka chabe ngati kachingwe ka disikiyo kadapita nayo limodzi. Wogulitsa wanzeru amakhala ndi disiki imodzi yoyesera pakauntala, amailumikiza pamaso pa wogula ndi zingwe za m'bokosi momwemo, n'kuyatsa mpaka sikirini ionetse. Chomwe chikusowa achinene ndipo achilembe pa lisiti. Zikwangwani zija zoti katundu akagulidwa sabwezedwa sizimuteteza. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda kuti kupachika mawu otere n'kuphwanya ufulu wa ogula. Kupatula lamulo, anyamata olumikiza makompyuta amadziwana ndipo amauzana pa WhatsApp shopu yomwe idawapweteka.

Wogula nayenso asamangoloza chala. Safunsa adadya phula, ndipo mnyamata wa pa Goliati uja akadatsegula chivindikiro m'shopu momwemo, ulendo umodzi ukadakwana. Pamene chingwe chasowa kale, kufotokoza pakamwa ndi kutaya nthawi, chifukwa mawu oti chingwe cha magetsi amatanthauza zinthu khumi. Ajambule ndi foni khomo lomwe chingwecho chikalowe, pafupi ndi powala, mano awerengeke. Ajambulenso khomo la mbali inayo, ndi dzina la kompyuta kutsogolo kwa bokosi, komanso kapepala ka nambala komwe kamamatidwa pamwamba kapena kumbuyo. Atumize zithunzizo kwa okonza awiri kapena atatu asanakwere galimoto. Ngati n'kotheka anyamule bokosi lonselo, chifukwa kulipira malo a katundu m'minibasi kamodzi n'kotchipa kusiyana ndi ulendo wina. Ndipo ayambire kwa okonza, osati m'mashopu a magalasi owala. Chomwe akufunacho sichidapangidwe kuti chizigulitsidwa pachokha.

Funso lovuta ndi la mtengo. Katundu wopezeka pafupifupi mwaulere koma wosowa kwambiri amayesa mtima wa wamalonda. Ena angafune kukama kasitomala poona kuti alibe kolowera. Muyezo wabwino ulipo kale: ndalama za ulendo umodzi wopita ku Limbe ndi kubwera. Mtengo ukakhala pansi pa zimenezo, wogula amaona kuti wapulumuka ndipo wogulitsa wapeza phindu lomwe sikelo ya zitsulo sikadamupatsa. Ukapitirira pamenepo, wogula amasankha kukayesa mwayi kutauni, ndipo akabwerako ndi chingwe chake sadzagulanso ngakhale fulashi pabenchi imeneyo. Munthu amene wathandizidwa kuyatsa kompyuta yake ndi yemweyo adzafune inki, mapepala, mausi yatsopano ndi kukonzetsa fani chaka chamawa.

Chenjezo lina ndi la gwero la katundu. Makompyuta amabedwa m'masukulu ndi m'maofesi, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu ngakhale bokosilo likhale lakufa. Bokosi lokhala ndi nambala ya boma kapena chidindo cha bungwe lisagulidwe popanda kalata yosonyeza kuti lidagulitsidwa mwachilolezo. Kabuku kolembamo tsiku, mtundu wa kompyuta ndi yemwe wabweretsa kamateteza wamalonda tsiku lomwe apolisi afika ndi mafunso.

Ulendo wachitatu, mnyamata uja wanyamula bokosi lonse m'thumba la feteleza. Wadutsa mashopu akuluakulu osaima, walowa m'kanjira ka kuseri komwe kuli okonza ma TV ndi mawailesi. Pabenchi yachiwiri wokonza wayang'ana pa motherboard, waloza mulu wa mabokosi a fumbi omwe akudikira ogula zitsulo Lachisanu, n'kumuuza kuti afufuze yekha. M'bokosi lachinayi, OptiPlex 9020 yopsa ndi mphezi, kachingwe kali momwemo, kakadali kolumikizidwa. Akayesa pomwepo, SSD yaonekera pasikirini. Wokonzayo, posadziwa kuti atchule zingati, wangoti amugulire chakumwa.

Power supply ya mano 24 ija ikadali pashelefu kunyumba. Kuti igwire ntchito pa Dell ikufunika chingwe china chosinthira mano 24 kupita ku 8, chomwenso pa Goliati palibe amene akugulitsa.